Zibangili zaubwenzi zoluka ndi ulusi: bwanji zimatamuka, nanga tingaziluke bwanji kuti zilimbe?

Funso: Ndakhala ndikuluka majuzi ndi zipewa kwa nthawi ndithu, koma pa zibangili ndine mlendo. Mwana wanga wamkazi wa zaka 12 anandipempha kuti ndimuphunzitse kuluka zibangili zaubwenzi zoti azipatsana ndi anzake. Tinatenga ulusi wotsala ku majuzi ndi singano ya crochet ya 4 mm. Poyamba zinkaoneka bwino, koma pasanathe milungu iwiri zinatamuka mpaka kumavuka zokha, zinachita ubweya, zina zinakhota, ndipo mfundo zake sizichedwa kumasuka. Kodi vuto ndi ulusi kapena manja athu? Komanso mwanayu akufuna cha mitundu iwiri cholembedwa dzina la mnzake. Zimatheka ndi crochet? (Mayi wina woluka)

Yankho: Zikomo kwambiri mayi. Ndiyambe ndi kukuchotsani nkhawa: manja anu alibe mlandu. Munthu amene waluka juzi n'kuvalika sangagonje ndi kachibangili. Chimene chakusokonezani ndi luso lomwelo la majuzi. Poluka juzi timafuna chinthu chofewa, chotamuka kuti mutu ndi mapewa zilowe, ndiye timasankha ulusi wonenepa, singano yaikulu, dzanja n'kulimasula. Chibangili chimafuna zosiyana ndi zonsezi. Taganizirani pamene chimakhala. Pamkono pamafika madzi ndi sopo kangapo patsiku, pamatuluka thukuta, pamakhuzika ndi desiki polemba, ndipo mwana akakhala duu m'kalasi zala zake zimangokhalira kuchikoka ndi kuchizunguliza. Pa zolukidwa zonse, chimene chimazunzika chonchi mwina ndi chidendene cha sokosi chokha. Choncho chibangili chiyenera kulukidwa molimba ngati lamba, ndipo zonse zimene ndinene zikuchokera pamenepa.

Zibangili zaubwenzi zimene zinatchuka ku America m'zaka za m'ma 1970 sizinkalukidwa ndi singano. Zinkamangidwa ndi timfundo, ulusi umodzi kumangidwa pa unzake mazanamazana, potengera ntchito zamanja za ku Central America, makamaka Guatemala. Lamulo lake ndi loti mnzako akumange pamkono ndipo usachivule mpaka chiduke chokha. Chamfundo chimapirira zimenezi chifukwa mfundo iliyonse imadzitsekera yokha. Crochet ndi nkhani ina. Ndi ulusi umodzi wopindidwa kukhala timphete tokolanakolana, ndipo kamphete kalikonse kali ndi mpata. Mukakoka, timphete timabwerekana ulusi, chinthu chonse n'kutalika. Ntchito yathu ndi kuphetsa mipata imeneyo. Chimene crochet imapambana nacho ndi liwiro: chibangili chimene wamfundo angachikhalire masana onse, woluka amachimaliza msana usanawawe.

Theka la mlandu lili pa ulusi. Wambiri wolukira majuzi masiku ano ndi wa akiriliki, womwe ndi mtundu wa pulasitiki. Ukakokedwa uli wonyowa komanso wofunda subwerera bwinobwino. Tiubweya take tikakhuzika timapotana kukhala timibulu, ndipo poti ndi tolimba sitithothoka, timangokanirira pomwepo. Komanso ndi woterera komanso wofutukuka, n'chifukwa chake mfundo zanu zikumasuka. Ubweya weniweni wa nkhosa nawo suthandiza: madzi ofunda, sopo ndi kukhuzika zimaugwiranitsa mpaka umafupika n'kuuma gwa, masitichi osaonekanso, ndipo ena umawayabwa. Ngati kapepala ka pampukutu kanatayika ndipo simukudziwa kuti ulusi wanu ndi wanji, dulani kachidutswa, mukagwire ndi chopanira pamwamba pa mbale ya madzi, mukayatse. Thonje limanunkha pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa. Ubweya umanunkha tsitsi lopsa. Akiriliki amasungunuka n'kusiya kambulu kakuda kolimba. Izi muchite inuyo, mwana angoonerera.

Umene mukufuna ndi ulusi wa thonje wowonda, wopotedwa bwino. Thonje silitamuka kwenikweni, mfundo limazigwira, ndipo likanyowa limalimbirako m'malo mofooka. Ngati pakapepala palembedwa kuti mercerised, tengani umenewo. Imeneyi ndi njira imene John Mercer wa ku England anatulukira mu 1844 yoviika thonje mu caustic soda, ndipo ulusi wokonzedwa chonchi umakhala wosalala, wowala, wosachita ubweya msanga, mtundu wake n'kulowerera.

Pa ulusi wa thonje pali mitundu itatu imene anthu amalukira zibangili. Woyamba ndi uja timalukira nsalu zapatebulo, wa manambala 10, 5 ndi 3. Pano nambala ikakula ulusi umawonda, ndiye 10 ndi wowonda kuposa 3. Wachiwiri ndi perle, wopotedwa mooneka bwino, wa manambala 3, 5 ndi 8. Wachitatu ndi wopetera maluwa pansalu, uja wa tizingwe 6 togundana, umene umabwera m'timipukutu ta mamita 8. Ana amaukonda wachitatuwu chifukwa mitundu yake ilipo mazanamazana, ndipo makampani monga DMC ya ku Mulhouse ku France amapatsa mtundu uliwonse nambala, mwachitsanzo 310 ndi wakuda, 321 ndi wofiira. Zimenezi zimathandiza gulu la atsikana likafuna zibangili zofanana ndendende. Vuto lake ndi loti anaupanga kuti uzigawika, ndiye kangowe ka singano kamakonda kulowa pakati pa tizingwe n'kusiya kamodzi kakulendewera. Ine ndikapatsidwa mwayi wosankha ndimatenga perle nambala 5. Sugawika, ndipo sitichi iliyonse imaoneka payokha.

Tsopano singano. Nambala ya singano imene amalemba pakapepala ka ulusi ndi yolukira zovala, ndiye pa chibangili muzitsika. Ulusi wopetera umayenda ndi 2 mm, perle nambala 5 ndi 1.75 kapena 2 mm, wa nambala 10 ndi 1.5 mm, wa nambala 3 ndi 2.5 mm. Muziyang'ana mamilimita, chifukwa manambala enawo a pasingano zachitsulo amasiyana malinga ndi wopanga. Koma manja amasiyana, ndiye woweruza weniweni ndi kachitsanzo. Lukani masitichi 12, mizere itatu, mukayang'anitse kowala. Mukaona timabowo, singano yakula. Kenako kakokeni mbali zonse ziwiri. Kachitsanzo kabwino kamakana, kamangosuntha pang'ono n'kubwerera. Kakatalika mooneka, tsikaninso theka la milimita.

Masitichi ake ndi awiri basi, single crochet, yomwe ndi sitichi yaifupi, ndi slip stitch. Aatali aja timalukira mashawelo amasiya mipata imene imakola mabatani ndi zikhadabo. Slip stitch ndiye wolimbitsitsa: mumalowetsa singano, n'kukola ulusi, n'kuukoka kudutsa m'sitichi ndi m'kamphete kamene kali pasingano nthawi imodzi. Muchenjere ndi malangizo a pa intaneti, chifukwa sitichi imene a ku America amaitcha single crochet, a ku Britain amaitcha double crochet. Mukaona malangizo a chibangili akunena double crochet koma chithunzi chikuonetsa timasitichi tatifupi, dziwani kuti wolembayo ndi wa ku Britain.

Apa ndiye pagona nkhani: chibangili chilukeni m'litali, osati m'lifupi. Ambiri amayamba ndi masitichi anayi kapena asanu, n'kumatembenuza, kumatembenuza, mpaka chikwane mkono. Njira imeneyi imakopa chifukwa umayeza uku ukuluka, koma cholukidwa chimatamuka kwambiri kulowera kumene mizere ikusanjikizana, ndipo kumeneko ndi komwe mkono umakokera. M'mbali mwakenso mumatuluka manomano chifukwa chotembenuza pafupipafupi. Mukaluka m'litali mumayamba ndi tcheni chachitali chokwana mkono, n'kuikapo mizere itatu kapena inayi yokha. Ulusi umayenda mozungulira mkono, ndiye ukakokedwa umakana.

Muyezo mutenge pamalo ovala wotchi, ndi tepi kapena ndi kachingwe koti mukayeze pa rula. Mkono wa mwana wa zaka 12 nthawi zambiri umakhala masentimita 13 mpaka 15, wa mayi 15 mpaka 17, wa bambo 17 mpaka 20. Poti chibangili chaubwenzi chimaperekedwa mwini wake asakudziwa, simungapite kukayeza mnzake wa mwanayo, ndiye njira yabwino ndi kuluka gawo lapakati lofupikirako, kuchotsa sentimita imodzi kapena awiri pa muyezo wa mwana wanu, zomangira n'kukwaniritsa kotsalako. Chiwerengero cha masitichi chichokere pa kachitsanzo kaja, osati pa tcheni chokha, chifukwa tcheni chimasintha utali mukalukapo mzere woyamba. Tinene kuti masitichi anu 12 akwana masentimita 4. Ndiye kuti sentimita imodzi ikudya masitichi atatu, ndipo chibangili cha masentimita 13 chifuna masitichi 39, n'kuonjezapo tcheni chimodzi chokwerera.

Musanapange kamphete koyamba, siyani ulusi wa masentimita 20 ukulendewera. Musaudule, uli ndi ntchito. Tchenicho chilukeni ndi singano yokulirapo theka la milimita, kenako mubwerere ku yaing'ono. Zibangili zanu zija zinakhota chifukwa cha pamenepa: tcheni chinathina kuposa mizere ya pamwamba pake, ndiye mbali imodzi inafupika, inzake n'kutalika. Tcheni chikamasuka kwambiri chimakhotanso, koma kulowera kwina.

Tsopano chitembenuzeni tchenicho muone kumbuyo kwake. Kutsogolo kuli timizere tooneka ngati chilembo V, koma kumbuyo kuli timitumbira tating'ono, kamodzi pa tcheni chilichonse, tondondozana pakatikati. Mzere woyamba ulowe pansi pa timitumbira timeneti. Ndi ntchito yochedwa, kangowe kamakana kulowa, nthawi zina mumachita kukweza kamtumbirako ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Koma mukamaliza mudzaona kuti m'mphepete mwa pansi mwatsala ma V athunthu, ofanana ndendende ndi a pamwamba, moti munthu sangadziwe kumene munayambira. Pa juzi zimenezi palibe amene angazione. Pa chinthu cha sentimita imodzi m'lifupi, m'mphepete ndiye chibangilicho.

Mukafika kumapeto kwa mzere musatembenuze. Dulani ulusi mutasiya masentimita 20, muukoke kudutsa m'kamphete komaliza kuti utseke. Bwererani koyambira, tengani mtundu wina, siyaninso masentimita 20, mulukenso kulowera komweko. Mzere uliwonse mtundu wake, nkhope ya chibangili ikuyang'ana inu nthawi zonse. Wofiira, woyera, wofiiranso, basi mwapeza chamizeremizere. Ubwino wa njirayi ndi woti palibe nsonga yoti muzivutika kuibisa ndi singano yosokera, ntchito imene ana amadana nayo kwambiri. Nsonga zonse zija zikulendewera mbali ziwiri ndizo zomangira. Zisonkhanitseni, mumange mfundo imodzi yogundana ndi cholukidwacho, muzigawe patatu, muziluke masentimita 7 kapena 8, mumangenso mfundo kumapeto, zotsala mudule molingana. Zomangira zotere sizingazuke chifukwa ndi ulusi womwewo umene wayenda m'chibangili chonse.

Mzere womaliza ukhale wa slip stitch, ndipo mukafuna muikenso wina m'mphepete mwa pansi. Mizere iwiri imeneyi ndi imene imaletsa kutamuka. Musaikoke mopitirira, ingafupikitse chibangili. Mukamaliza chingaoneke chopotoka pang'ono, chifukwa single crochet imapendekera mbali imodzi. Chiviikeni m'madzi ozizira, chifinyeni m'kati mwa thawulo osachipota, muchiyale mowongoka, muchibaye ndi mapini, chiume pamthunzi. Chikauma chagona.

Za mfundo zomasuka, ulusi woterera ndi chifukwa chimodzi, koma china ndi kamangidwe. Ambiri timamanga kawiri mofanana, chingwe cha kumanja pamwamba, kenako cha kumanjanso pamwamba, ndipo mfundo yotero imapendekeka n'kumaseseleka. Yolimba imasinthanitsa: cha kumanja pamwamba pa cha kumanzere, kenako cha kumanzere pamwamba pa cha kumanja. Ikamangidwa bwino imagona fulati, timphete tiwiri titakumbatirana. Muphunzitseni mwanayo, nayenso aphunzitse anzake, poti omanga adzakhala iwowo.

Kunena zoona, lamulo lija loti chibangili chisavulidwe ine sindigwirizana nalo kwenikweni. Thonje limamwa madzi, ndipo kansalu konyowa kokhala ndi sopo kakakhalitsa pakhungu kamayambitsa zidzolo kwa ana ena. Masukulu ena salola zovala pamkono, ndipo wogwira ntchito kuchipatala kapena pa makina ayenera kuvula. Bola kuluka choti chizivulika, mwini wake asankhe yekha. Njira yosavuta ndi ya batani. Mbali imodzi mumaluka tcheni chachifupi n'kuchipinda kukhala diso, kenako n'kuchikuta chonse ndi single crochet zothinana kuti chisatamuke. Disolo likhale loti batani lizilowa mochita kukankha, chifukwa pakatha masiku ochepa limamasukirako. Batani musokere ndi ulusi womwewo, ndipo musaligundike kwambiri, musiye kakhosi koti diso ligonepo. Chabatani chikhale chotalika sentimita imodzi kuposa mkono, moti chala chimodzi chizilowa pansi pake. Mabatani achitsulo ena ali ndi nickel amene amayabwa anthu ambiri, ndiye a mtengo kapena a pulasitiki ndi abwino.

Njira ina, imene ana amaisirira, ndi ya mfundo yoyenda. Zomangira ziwiri zija mumazidutsanitsa, china kuloza uku china uko, n'kutenga kaulusi kena ka masentimita 25 n'kumanga mfundo zosinthanitsa zija zinayi kapena zisanu mozungulira zonse ziwiri. Zimapanga kachubu kamene zomangira zimaseseleka m'kati mwake: mukakoka nsonga chibangili chimathina, mukakoka chibangili chimamasuka. Kumapeto kwa chomangira chilichonse kukhale mfundo yonenepa kapena mkanda kuti chisapulumuke. Muonetsetse kuti chikamasuka chonse chikudutsa pa chikhatho, chomwe ndi chachikulu kuposa mkono. M'mavidiyo mudzaona anthu akuwotcha nsonga za kachubuko ndi moto. Zimenezo zimatheka ndi nayiloni kapena poliyesitala, zimene zimasungunuka. Thonje limangopsa. Nsonga zake muzilowetse m'mfundo ndi singano yosokera n'kudonthezapo kaguluu pang'ono, mosamala kuti asafike pa zomangira, apo ayi mfundo siyendanso.

Tifike pa dzina. Inde zimatheka, ndipo njira zake zilipo zitatu. Yokongola kwambiri ndi imene amati tapestry crochet, yomwe amayi a mtundu wa Wayuu ku Colombia ndi Venezuela amalukira zikwama zawo zotchuka. Mumayenda ndi maulusi awiri nthawi imodzi. Umene simukulukira mumaugoneka pamwamba pa mzere wapansi n'kumaukwirira m'kati mwa masitichi, ndipo ukafunika mumautukula, winayo n'kugona. Chinsinsi chake chili posinthira. Mtundu watsopano umalowa pa kukoka komaliza kwa sitichi yapambuyo. Ndiye kuti pasingano pakakhala timphete tiwiri ta mtundu wakale, mumakola watsopano n'kutsekera nawo. Mukachedwa n'kusintha sitichi itatha kale, kamutu ka mtundu wakale kamadumphira pa chilembo n'kuchidetsa. Ulusi wobisikawo umathandizanso kwina: ndi chingwe chowongoka choyenda m'kati mwa mzere uliwonse, moti chibangili chotere sichitamuka n'komwe.

Dzinalo muyambe mwalijambula m'kope la masamu la timabokosi, kabokosi kamodzi sitichi imodzi. Zilembo zambiri zimakwana m'mizere 5 kutalika ndi masitichi atatu m'lifupi, ndi sitichi imodzi yolekanitsa. M ndi W zimafuna masitichi 5. Dzina la zilembo 6 zopanda M kapena W lidya masitichi 23, ndiye pa chibangili cha masitichi 45 mutsala ndi 11 mbali iliyonse. Onjezani mzere umodzi pansi ndi wina pamwamba, yonse ikhala 7. Mizere 7 ya ulusi wopetera ipitirira masentimita awiri m'lifupi, zomwe ndi zazikulu pa mkono wa mwana, choncho apa tengani wa nambala 10, ndipo masitichi muwerengenso ndi kachitsanzo katsopano. Chojambulacho muziwerenga kuyambira mzere wapansi, kuchokera kumanja kupita kumanzere, momwe singano ikuyendera. Wamanzere ayambire mbali inayo. Ulusi wachiwiri muuyendetse kuyambira sitichi yoyamba mpaka yomaliza, ngakhale pamene palibe chilembo, apo ayi pakati padzanenepa, kumapeto n'kuwonda. Pakapita masitichi angapo muziukoka pang'ono kuti usasuzumire kunja. Mudzaona kuti zilembo zikupendekera mbali imodzi, poti sitichi iliyonse simakhala ndendende pamwamba pa inzake. Mukamalowetsa singano m'kamphete ka kumbuyo kokha m'malo mwa tonse tiwiri, zimawongokerako. Nsonga zidzachuluka, pafupifupi 14 mbali iliyonse, ndiye muzigawe muluke zomangira ziwiri zowonda m'malo mwa chimodzi chonenepa.

Kwa mwana amene wangoyamba kumene, zimenezi ndi zambiri. Ndingakonde ayambe ndi njira yachiwiri: aluke chibangili cha mtundu umodzi, mizere 7 ya single crochet, kenako apete dzinalo pamwamba ndi singano yosokera yosasongoka. Sitichi iliyonse ndi kabokosi, ndiye amangoikapo ka X potsatira chojambula chomwe chija. Akalakwitsa amamasula ka X kamodzi, osati mzere wonse. Njira yachitatu ndi ya mikanda ya zilembo. Mikanda imalowetsedwa pa ulusi musanayambe kuluka, ndipo umene walowa komaliza ndi umene umayamba kugwira ntchito, ndiye dzina mulitunge kuyambira chilembo chomaliza. Mkanda umakhala kuseri kwa mzere umene mukuluka, mbali imene sikukuyang'anani, choncho mzere wa mikanda uluke chibangili mutachitembenuza. Yesani zilembo ziwiri kaye muone ngati sizinaime chadodolido. Nsonga ya ulusi ikamakana kulowa, ipakeni guluu pang'ono iume, ikhala singano payokha. Mikanda yaing'ono yagalasi ya nambala 6/0, ya pafupifupi 4 mm, imalowa pa ulusi wopetera, pamene ya 8/0 imafuna wowonda. Ngati m'nyumba muli khanda kapena mwana wosakwana zaka zitatu, mikanda ikhale patali, ndipo iyeyo musamuveke chamikanda.

Mitundu iwiri ya dzina ikhale yosiyana kwambiri, wina wakuda wina wowala. Wofiira ndi wobiriwira amaoneka osiyana pampukutu, koma pa tizilembo ting'onoting'ono amasokonezana. Ndipo musanaphatikize woyera ndi wofiira, wakuda kapena wabuluu woderako, nyowetsani kachidutswa muukhuze pa kansalu koyera. Ukasiya mtundu, uchapeni kaye mpaka madzi ayere.

Pomuphunzitsa mwanayo musayambe ndi singano ya 2 mm, angagwe ulesi. Apa ndi pamene ulusi wanu wa majuzi ndi singano ya 4 mm zili ndi ntchito. Asankhe wowala kuti aziona masitichi, aluke tcheni mpaka timphete tizifanana, kenako single crochet, ndiye muzimutsitsa pang'onopang'ono. Choti anyadire tsiku loyamba chilipo: tcheni cha mitundu iwiri. Mangani maulusi awiri pamodzi, pangani kamphete ndi woyamba, kokani wachiwiri kudutsamo, kenako woyamba, kenako wachiwiri, mosinthanasinthana. Chimatuluka chingwe chonenepa cha mawangamawanga chimene chimavalika kale, ndipo chikazungulira mkono kawiri kapena katatu chimakongola ndithu. Ngati mwanayo ndi wamanzere, mukhale moyang'anizana naye azikutsanzirani. Singano zachitsulo zowonda zimapweteka zala zikagwiridwa molimba nthawi yaitali, ndiye kulungani chogwirira ndi kansalu kapena tepi yomata kuti chinenepe, ndipo azipumira.

Ulusi wa akiriliki wotsalawo musautaye. Ngati ndi wa tizingwe tinayi, ugaweni pawiri, muupote pang'ono, muluke ndi 2.5 mm. Ukakhala wosagawika bwino, tsikani kufika pa 3 mm ndipo muluke ndi slip stitch yokhayokha. Njira ina ndi kutenga chingwe chowonda cha nayiloni n'kuchikuta ndi single crochet zothinana kuyambira uku mpaka uko: akiriliki apereke mtundu, nayiloni asenze kukokedwa, ndipo nsonga za nayiloniyo zikhale zomangira. Ubweya uchitabe, koma kutamuka kutha. Musasite akiriliki ndi simbi yotentha, amafota n'kulobodoka osabwereranso.

Zimene munaluka kale zija zikhoza kukonzeka, makamaka ngati anzake a mwanayo azikonda ndipo sakufuna zina. Metani timibulu ndi sizasi yaing'ono chibangili chitagona patebulo. Tengani ulusi wa thonje wa mtundu wogwirizana ndi singano ya 2.5 mm, musiye masentimita 20, muyendetse slip stitch m'mphepete monse, mukudumpha sitichi imodzi pa zisanu zilizonse kuti chibwerere pa muyezo wake. Chitani chimodzimodzi mbali inayo, kudumpha pamalo ofanana kuti chisakhote, kapena ngati ndi chokhota kale mudumphe kwambiri mbali yotalikayo. Nsonga za thonjezo muziluke pamodzi ndi zakale, ndipo mfundo yomaliza idzagwira chifukwa tsopano muli thonje m'kati mwake.